Kuwonjezera mphamvu yopha mabakiteriya ya ma nanoparticle a metal oxide

Ma nanoparticle a metal oxide ndi timibulu ting'onoting'ono kwambiri timene timapangidwa chitsulo chikaphatikizana ndi okosijeni, ndipo kukula kwake kumakhala pakati pa nanomita 1 ndi mananomita 100. Ena mwa ma oxide amenewa, monga zinc oxide, titanium dioxide, copper oxide ndi magnesium oxide, amatha kupha mabakiteriya kapena kuwalepheretsa kuswana. Mphamvu imeneyi siikhala yofanana nthawi zonse. Ufa wa zinc oxide wopangidwa m'njira ina ukhoza kupha mabakiteriya ambiri m'maola ochepa, pamene ufa wina wa zinc oxide yemweyo, wopangidwa mosiyana, sungachite zambiri. Choncho asayansi amafufuza njira zosinthira kukula kwa timibuluti, maonekedwe ake, zinthu zosakanizamo ndi zokutira kunja kwake, kuti tiphe mabakiteriya ochuluka popanda kuvulaza anthu, ziweto ndi zamoyo za m'madzi.

M'nkhani ino mawu akuti chitsulo akutanthauza mtundu uliwonse wa zitsulo, monga zinki, kopa, titanium, magnesium ndi ayironi.

Tanthauzo ndi kukula kwake

Oxide ndi chinthu chimene chimapangika okosijeni akalumikizana ndi chinthu china. Chitsanzo chodziwika kwa aliyense ndi dzimbiri, limene kwenikweni ndi oxide wa ayironi. Zinc oxide ndi ufa woyera umene umapezeka m'mafuta odzola pa zilonda zazing'ono, m'mafuta opaka makanda amene asupuka ndi thewera, komanso mu calamine. Titanium dioxide ndi amene amayeretsa penti yambiri yoyera.

Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Tsitsi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000, ndipo bakiteriya wotchedwa Escherichia coli ndi wotalika mananomita pafupifupi 2,000. Kambulu ka mananomita 20 n'kochepa maulendo 100 poyerekeza ndi utali wa bakiteriyayu, moti timibulu tambirimbiri tikhoza kumatirira pa selo limodzi.

Ubwino wa kuchepaku uli pa kukula kwa malo a kunja. Kachidutswa kokhala ndi mbali zisanu ndi imodzi zofanana, kotalika sentimita imodzi mbali iliyonse, kali ndi malo a kunja okwana masikweya sentimita 6. Kachidutswa komweko kataduladulidwa kukhala tizidutswa ta mananomita 10, malo onse a kunja amakwana masikweya mita 600, ngakhale kuti kulemera kwake sikunasinthe. Popeza zonse zimene oxide amachita kwa bakiteriya zimachitikira kunja kwa kambulu, kuchuluka kwa malowa kumawonjezera mphamvu yake.

Chifukwa chake akufufuzidwa

Chifukwa chachikulu ndi kuchuluka kwa mabakiteriya osamva mankhwala. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva maantibayotiki, ndipo imfa pafupifupi 4.95 miliyoni zinali zokhudzana ndi vutoli. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfazi zinali zochuluka kwambiri m'mayiko a ku Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Malawi, kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti mabakiteriya monga Klebsiella ndi E. coli akhala akusiya kumva mankhwala amene madokotala amadalira kwambiri.

Ma oxide a zitsulo sanalowe m'malo mwa maantibayotiki ochizira matenda a m'thupi. Phindu lawo lalikulu lili pa kupewa: kupha mabakiteriya pa nsalu, pa makoma, pa zipangizo za kuchipatala, m'madzi ndi m'zokutira zakudya, asanafike kwa munthu. Amapirira kutentha, sawonongeka msanga akasungidwa, ndipo ambiri ndi otsika mtengo kuposa siliva. Kuwonjezera apo, antibayotiki amalimbana ndi mbali imodzi ya selo la bakiteriya, pamene timibuluti timawononga mbali zingapo nthawi imodzi.

Mbiri

Anthu anadziwa kalekale kuti madzi osungidwa m'ziwiya za kopa kapena siliva sawonongeka msanga. Katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Carl Nägeli, anafotokoza kuti zitsulo zina, ngakhale zitakhala zochepa kwambiri m'madzi, zimapha maselo amoyo, ndipo zolemba zake pa nkhaniyi zinatuluka mu 1893 iye atamwalira kale.

Mu 1972 asayansi awiri a ku Japan, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda, analengeza kuti titanium dioxide akawalitsidwa ndi kuwala kwa UV amatha kugawa madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni. Mu 1985 gulu la Tadashi Matsunaga, nalonso ku Japan, linaonetsa kuti ufa wa titanium dioxide wokhala ndi platinum umapha E. coli, mabakiteriya ena ndi yisiti ukawalitsidwa. M'zaka za m'ma 1990 Jun Sawai ndi anzake anayeza ufa wa magnesium oxide, calcium oxide ndi zinc oxide, ndipo anapeza kuti ma oxide onsewa amalimbana ndi mabakiteriya. Mu 2001 Osamu Yamamoto anaonetsa kuti mphamvu ya zinc oxide imakula timibulu take tikamachepa. Chaka chomwecho Ryoji Asahi ndi anzake pa malo ofufuzira a kampani ya Toyota anasindikiza zotsatira za titanium dioxide wosakaniza ndi nayitrojeni, amene amagwira ntchito ndi kuwala kooneka ndi maso. Mu 2002 gulu la Kenneth Klabunde pa Kansas State University ku America linalemba za timibulu ta magnesium oxide tonyamula klorini kapena bromine, timene tinapha mabakiteriya ngakhalenso njere zawo zolimba zotchedwa ma spore. Kuyambira pamenepo kafukufuku wa nkhaniyi wafalikira m'mayunivesite a mayiko ambiri.

Momwe timibuluti timaphera mabakiteriya

Pali njira zinayi zimene zimatchulidwa kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri zimagwira ntchito limodzi.

Njira yoyamba ndi kupanga mitundu ya okosijeni yowononga, imene asayansi amaitchula mwachidule kuti ROS. Zinc oxide ndi titanium dioxide ali m'gulu la zinthu zotchedwa ma semiconductor. Kuwala kokhala ndi mphamvu yokwanira kukawomba kambulu, elekitironi imadumpha kuchoka pamalo pake n'kusiya mpata wokhala ndi chaji ya positive. Elekitironiyo ikafika kunja kwa kambulu imalumikizana ndi okosijeni n'kupanga superoxide, pamene mpata uja umalanda elekitironi ku madzi n'kupanga hydroxyl radical. Kuchokera pa zimenezi pamapangikanso hydrogen peroxide. Zinthu zitatuzi zimawononga mafuta a kakhungu kokuta selo, mapuloteni ndi DNA. Hydrogen peroxide ndi amene amalowa mosavuta m'kati mwa selo.

Njira yachiwiri ndi kutulutsa ma ayoni a chitsulo. Zinc oxide ndi copper oxide amasungunuka pang'onopang'ono m'madzi, makamaka m'madzi a asidi. Bakiteriya amafuna zinki ndi kopa wochepa kuti akhale ndi moyo, koma zikachuluka zimasanduka poizoni. Kopa amawononga ma enzyme amene ali ndi timagulu ta ayironi ndi sulufule. Zinki amatha kukhala pamalo pa zitsulo zina zofunika. Mwachitsanzo mwa Streptococcus pneumoniae, amene amayambitsa chibayo, zinki amatseka puloteni yolowetsa manganese, bakiteriyayo n'kufooka.

Njira yachitatu ndi kumatirira pa selo. Kunja kwa mabakiteriya ambiri kuli chaji ya negative. Kambulu kokhala ndi chaji ya positive kamakokedwa n'kumatirira, kenako kamasokoneza kakhungu ka selo mpaka za m'kati zimayamba kutayika. Pa maikulosikopu ya ma elekitironi, maselo oterewa amaoneka obooka kapena ofwapa.

Njira yachinayi ndi kulowa m'selo. Kakhungu kakawonongeka, timibulu tochepetsetsa timatha kulowa n'kupitiriza kutulutsa ma ayoni ndi ROS m'kati.

Mtundu wa bakiteriya nawonso uli ndi mbali yake. Potsatira njira yodaya maselo imene Hans Christian Gram wa ku Denmark anaitulukira mu 1884, mabakiteriya amagawidwa pawiri. A Gram-positive, monga Staphylococcus aureus, ali ndi khoma lochindikala koma alibe kakhungu kachiwiri kunja. A Gram-negative, monga E. coli ndi Pseudomonas aeruginosa, ali ndi khoma lopyapyala ndi kakhungu kena kunja kwake. M'mayeso ambiri a zinc oxide, S. aureus amafa msanga kuposa E. coli, ngakhale kuti zotsatira zimasintha malinga ndi mtundu wa timibulu ndi madzi oyezeramo.

Ma oxide odziwika

Zinc oxide, amene chizindikiro chake ndi ZnO, ndi amene wafufuzidwa kwambiri. Amafuna kuwala kwa mphamvu pafupifupi 3.3 eV, kumene ndi kwa UV, koma amagwirabe ntchito pang'ono mumdima chifukwa cha ma ayoni a zinki ndi kumatirira pa selo.

Titanium dioxide, TiO2, amapezeka m'mitundu itatu ya makristalo: anatase, rutile ndi brookite. Anatase, amene amafuna 3.2 eV, ndi amene nthawi zambiri amapanga ROS wochuluka. Oxide ameneyu sasungunuka m'madzi, choncho mumdima mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Ufa wotchedwa P25, umene uli ndi anatase wambiri ndi rutile wochepa, ndi umene ofufuza ambiri amayerekezera nawo ufa wawo watsopano.

Copper oxide ali pawiri: CuO wakuda ndi Cu2O wofiira. Onse awiri ndi amphamvu ngakhale mumdima, koma amavulazanso maselo a munthu mosavuta kuposa zinc oxide.

Magnesium oxide, MgO, ndi calcium oxide, CaO, amachititsa madzi owazungulira kukhala a alkali. Safuna kuwala, ndipo kafukufuku wina waonetsa kuti MgO amatha kuboola kakhungu ka E. coli ngakhale popanda ROS.

Iron oxide wa mtundu wa Fe3O4 alibe mphamvu zambiri payekha, koma amakokedwa ndi maginito, zimene zimathandiza kumuchotsa m'madzi ntchito ikatha.

Njira zowonjezera mphamvu

Kuchepetsa kukula. Iyi ndi njira yoyambirira. Timibulu tikachepa, malo a kunja amachuluka, ma ayoni amatuluka msanga, ndipo timibulu tambiri timakhudza selo. Kukula kumalamulidwa popanga, posintha kutentha, nthawi yophika, kuchuluka kwa asidi kapena alkali, ndi mankhwala oletsa timibulu kukula. Kuwotcha ufa pa moto waukulu kumakonza makristalo ake koma kumachititsanso timibulu kulumikizana n'kukula, choncho wopanga amayenera kusankha kutentha koyenera.

Kusintha maonekedwe. Zinc oxide akhoza kupangidwa ngati timipira, tindodo, timbale, timinga kapena timaluwa. Mbali zosiyanasiyana za kristalo zili ndi ma atomu osanjika mosiyana, ndipo zina zimagwira okosijeni ndi madzi bwino kuposa zinzake. Timibulu tosongoka timathanso kulasa kakhungu ka selo. Maonekedwe amasinthidwa pothira mankhwala amene amamatirira pa mbali imodzi ya kristalo n'kuiletsa kukula, pamene mbali zina zikupitiriza.

Kulowetsamo ma atomu achilendo. Njira imeneyi imatchedwa doping. Vuto la ZnO ndi TiO2 n'lakuti amadalira kuwala kwa UV, kumene ndi pafupifupi 5 peresenti yokha ya mphamvu ya dzuwa yofika padziko, ndipo m'nyumba kumakhala kochepa kwambiri. Ma atomu ochepa a nayitrojeni, kaboni, sulufule, kopa, ayironi, manganese kapena cobalt akalowetsedwa m'kristalo, amachititsa kuti kuwala kooneka ndi maso kukwanitse kudumphitsa ma elekitironi. Pali mulingo woyenera: ma atomu achilendo akachuluka, amasanduka malo amene elekitironi imabwererapo mu mpata wake isanagwire ntchito, mphamvu n'kutsikanso. Doping imasinthanso kasungunukidwe. Ofufuza a ku University of California ku Los Angeles ndi anzawo a ku Bremen ku Germany anaonetsa kuti ayironi akalowetsedwa mu zinc oxide amachepetsa kutuluka kwa zinki, ndipo timibuluto sitivulaza kwambiri maselo a nyama.

Kuika siliva, golide kapena platinum pamwamba. Ma elekitironi ambiri amene adumpha amabwerera msanga mu mpata wawo, mphamvu yawo n'kutha ngati kutentha. Kachidutswa ka siliva kapena golide kakakhala pamwamba pa oxide, kamakoka ma elekitironi n'kuwasunga, motero mpata umatsala nthawi yaitali n'kupanga hydroxyl radical wochuluka. Siliva amawonjezeranso ma ayoni ake, amene amapha mabakiteriya mumdima. Chovuta ndi mtengo wa zitsulozi.

Kuphatikiza ma oxide awiri. Zinc oxide akalumikizidwa ndi copper oxide, kapena titanium dioxide ndi copper oxide, ma elekitironi amasamukira mbali imodzi ndipo mipata imapita mbali inayo. Zimenezi zimachedwetsa kubwererana kwawo. Kusakaniza titanium dioxide ndi kopa kuli ndi ubwino wina: masana kuwala kumagwira ntchito, usiku kopa amapitiriza. Ma oxide amaikidwanso pa graphene oxide, amene amanyamula ma elekitironi ndi kuletsa timibulu kuunjikana.

Kupanga zilema m'kristalo. Kristalo ikasowa ma atomu ena a okosijeni, pamatsala mipata imene imagwira okosijeni wa mumpweya ndi kusunga ma elekitironi. Mipata yotereyi imapangidwa powotcha ufa m'malo osowa okosijeni kapena mu mpweya wa haidrojeni. Ofufuza ena amakhulupirira kuti zilemazi n'zimene zimachititsa zinc oxide kupanga ROS pang'ono ngakhale mumdima, koma mfundo imeneyi ikadali yotsutsana pakati pa asayansi.

Kukuta kunja ndi kupewa kuunjikana. M'madzi, makamaka okhala ndi mchere kapena mapuloteni, timibulu timagwirana n'kukhala zibuma zimene zimamira pansi, ndipo ubwino wonse wa kuchepa umatha. Pofuna kupewa zimenezi timibulu timakutidwa ndi zinthu monga polyethylene glycol, polyvinylpyrrolidone, citrate kapena chitosan. Chitosan amachokera ku zikamba za nkhanu ndi zamoyo zina zofanana nazo. M'madzi a asidi pang'ono amakhala ndi chaji ya positive, choncho amathandiza kambulu kumatirira pa bakiteriya, ndiponso iye mwini amalimbana ndi mabakiteriya. Chaji ya kunja kwa kambulu imayezedwa ndi muyeso wotchedwa zeta potential, ndipo nthawi zambiri ikaposa mamilivoti 30, kaya kumbali ya positive kapena negative, timibulu timakankhana ndipo sitiunjikana msanga. Chokutira chikachindikala kwambiri chimatchinga oxide kukhudza selo, motero mphamvu imachepa.

Kuphatikiza ndi mankhwala ena. M'mayeso a mu labotale, zinc oxide wosakaniza ndi maantibayotiki monga ciprofloxacin nthawi zina amapha mabakiteriya kuposa mmene chilichonse chimachitira pachokha, mwina chifukwa kakhungu kakabooka mankhwala amalowa mosavuta. Mu 2007 gulu la Yan Xiyun ku China linapeza kuti timibulu ta Fe3O4 timachita zinthu ngati enzyme, pophwanya hydrogen peroxide kukhala hydroxyl radical. Pogwiritsa ntchito mfundo imeneyi, gulu la Hyun Koo pa University of Pennsylvania linaonetsa kuti ferumoxytol, mankhwala a iron oxide amene anavomerezedwa ku America mu 2009 pochiza kuchepa kwa magazi, akaphatikizidwa ndi hydrogen peroxide wochepa amaphwanya litsiro la mabakiteriya lomatirira m'mano, limene limayambitsa kubooka kwa mano.

Kupanga pogwiritsa ntchito zomera. M'malo mwa mankhwala ena a mu labotale, madzi ofinyidwa m'masamba, makoko kapena maluwa amasakanizidwa ndi mchere wa chitsulo, monga zinc nitrate, kenako zotsalazo zimaumitsidwa ndi kuwotchedwa. Zomera zimene zayesedwa ndi monga nimu, aloe vera, tiyi ndi chamwamba. Ku South Africa, gulu la Malik Maaza la pa yunivesite ya UNISA ndi malo ofufuzira a iThemba LABS linasindikiza mu 2017 njira yopangira zinc oxide ndi chamwamba. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo zinthu za m'chomera zotsalira pa kambulu zikhoza kuwonjezera mphamvu. Vuto lake n'lakuti madzi a masamba amasiyana malinga ndi nyengo, nthaka ndi msinkhu wa chomera, choncho n'kovuta kupanga timibulu tofanana ulendo uliwonse. Komanso ufa ukawotchedwa pa moto waukulu, zambiri zochokera ku chomera zimapsa n'kutha.

Kayezedwe ka mphamvu

Pali njira zingapo zoyezera. Pa njira yoyamba, mabakiteriya amafesedwa pa mbale ya chakudya cholimba chotchedwa agar, timibulu timaikidwa pakati, kenako amayeza kukula kwa bwalo limene mabakiteriya alephera kumera. Njirayi ndi yosavuta koma ikhoza kusocheretsa, chifukwa timibulu sitiyenda bwino mu agar. Bwalolo limaonetsa makamaka zinthu zosungunuka. Njira yachiwiri imafufuza mulingo wochepetsetsa umene umaletsa mabakiteriya kuswana, wotchedwa MIC, ndi mulingo wochepetsetsa umene umapha 99.9 peresenti ya mabakiteriya, wotchedwa MBC. Njira yachitatu ndi kuwerenga mabakiteriya amoyo amene atsala pa nthawi zosiyanasiyana. Bungwe la ISO lili ndi miyezo yake, monga ISO 22196 ya mapulasitiki ndi zinthu zina zosalowa madzi, ISO 20743 ya nsalu, ndi ISO 27447 ya zinthu zogwira ntchito ndi kuwala.

Kuyerekeza zotsatira za malabotale osiyanasiyana n'kovuta chifukwa madzi oyezeramo amasintha khalidwe la timibulu. Phosphate amalumikizana ndi zinki n'kupanga chinthu chosasungunuka, motero zinc oxide amaoneka wofooka. Mapuloteni amakuta timibulu ndi kumeza ROS. Ngakhale kuwala kwa m'chipinda choyezeramo kumasintha zotsatira. N'chifukwa chake kuyeza kwabwino kumakhala ndi zoyerekezera: ufa wa timibulu tikulutikulu ta oxide yemweyo, mchere wosungunuka wa chitsulo chomwecho, komanso mbale yosungidwa mumdima. Chinanso n'chakuti m'zilonda ndi m'mapaipi mabakiteriya ambiri amakhala mu biofilm, gulu lomatirirana m'chinthu chonanda, ndipo oterewa ndi ovuta kupha kuposa oyandama m'madzi amene amagwiritsidwa ntchito pa mayeso ambiri.

Ntchito zake

Pa nsalu, timibulu ta zinc oxide ndi copper oxide timamatidwa pa thonje kapena kusakanizidwa mu ulusi. Aharon Gedanken wa pa Bar-Ilan University ku Israel anakonza njira yomatira timibulu pa nsalu pogwiritsa ntchito mafunde amphamvu a phokoso, n'cholinga chopanga zofunda ndi zovala za kuchipatala. Kampani ya Cupron imapanga ulusi wokhala ndi copper oxide wa masokosi ndi zofunda. Funso lalikulu pa nsalu zotere ndi lakuti timibulu tingatsale kwa nthawi yaitali bwanji nsaluyo ikamachapidwa.

Pa zomangira nyumba, kampani ya TOTO ku Japan imapanga matailosi okutidwa ndi titanium dioxide, ndipo kampani ya Pilkington ya ku Britain inayamba kugulitsa magalasi odziyeretsa okha mu 2001. Pa za mano, zinc oxide wakhala akugwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali m'zomatira mano, ndipo tsopano timibulu take tikuyesedwa m'zinthu zotsekera mabowo a mano. Kafukufuku wina akuchitika pa mabandeji a zilonda, machubu olowetsa m'thupi, zitsulo zolumikizira mafupa, mapepala okutira zakudya ndi zosefera madzi. Zambiri mwa zimenezi zikadali pa mlingo wa labotale kapena mayeso a nyama.

Kuopsa kwake ndi malamulo

ROS ndi ma ayoni a chitsulo sasankha selo la bakiteriya lokha. Chilichonse chowonjezera mphamvu yopha mabakiteriya chikhoza kuwonjezeranso kuopsa kwa maselo a munthu, choncho chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa mulingo wopha bakiteriya ndi mulingo wovulaza munthu.

Njira yoopsa kwambiri ndi kupuma fumbi lake. Anthu owotcherera zitsulo zokutidwa ndi zinki, monga malata, amatha kudwala matenda a kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi chifukwa chopuma utsi wa zinc oxide. Bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika titanium dioxide m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, potengera mayeso a makoswe amene anapuma fumbi lake lambiri. Mu 2021 bungwe la EFSA loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linanena kuti titanium dioxide sangatengedwenso ngati wosaopsa m'zakudya, ndipo European Union inamuletsa m'zakudya mu 2022. Mayiko ena, monga America, amamulolabe pa mulingo wochepa. Pa khungu lopanda bala, mayeso ambiri aonetsa kuti timibulu ta ZnO ndi TiO2 ta m'mafuta oteteza ku dzuwa timatsala pamwamba pa khungu.

Timibulu tochoka pa nsalu ndi penti timathera m'mitsinje ndi m'nthaka. Zinc oxide ndi copper oxide ndi poizoni kwa ndere za m'madzi, tizamoyo tating'ono timene nsomba zimadya, ndi nsomba zomwe, makamaka chifukwa cha ma ayoni osungunuka. Tikhozanso kupha mabakiteriya ofunika a m'nthaka ndi a m'malo oyeretsera madzi a zonyansa.

Mabakiteriya kuzolowera zitsulo

Poyamba ofufuza ambiri ankaganiza kuti mabakiteriya sangazolowere timibuluti chifukwa timawononga mbali zambiri za selo. Umboni waonetsa kuti akhoza kutero. Mabakiteriya ali ndi mapuloteni opopera zinki ndi kopa kunja kwa selo, ma enzyme monga catalase ndi superoxide dismutase ophwanya ROS, komanso amatha kutulutsa zinthu zonanda zimene zimagwira timibulu tisanafike pa selo. Mu 2018 asayansi a pa Palacký University ku Olomouc, m'dziko la Czech Republic, analengeza kuti E. coli ndi P. aeruginosa amene anakumana mobwerezabwereza ndi timibulu ta siliva anayamba kutulutsa puloteni yotchedwa flagellin yambiri, imene inachititsa timibuluto kuunjikana n'kutha mphamvu.

Vuto lina n'lakuti majini oteteza bakiteriya ku zitsulo nthawi zina amakhala pafupi ndi majini omuteteza ku maantibayotiki, moti bakiteriya wopulumuka ku chitsulo amakhalanso wosamva mankhwala. Chitsanzo chodziwika chinachokera ku ulimi wa nkhumba ku Ulaya, kumene zinc oxide wambiri ankathiridwa m'chakudya cha ana a nkhumba olekitsidwa kuyamwa pofuna kupewa kutsekula m'mimba. Mwa S. aureus wosamva methicillin wopezeka mu nkhumba, jini ya czrC yopirira zinki inapezeka pamodzi ndi jini ya mecA yopirira mankhwalawo. Chifukwa cha kuunjikana kwa zinki m'nthaka komanso nkhawa ya mabakiteriya osamva mankhwala, European Union inagamula mu 2017 kuthetsa mankhwala a ziweto oterewa, ndipo chiletsocho chinayamba kugwira ntchito mokwanira mu June 2022.

Pa chifukwa chimenechi kafukufuku wa masiku ano sakungofuna timibulu tamphamvu kwambiri. Akufunanso timibulu tomatirira zolimba pa chinthu chimene taikidwapo kuti tisatayikire m'chilengedwe, timibulu totulutsa ma ayoni pokhapokha pamalo a asidi monga mu biofilm, ndi timibulu togwira ntchito ndi kuwala kwa mababu a m'nyumba.